Helikopita ya mapulopela awiri ija ndi gogo, Akonzi

Akonzi,

Ndithokoze kaye chifukwa cha tsamba lanu la nkhani zakunja, ine ndikangogwira nyuzi ndimathamangira komweko ndisanaone china chilichonse. Koma lero ndabwera ndi kadandaulo. Sabata yatha munaika chithunzi cha chihelikopita cha mapulopela awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, nde pansi pake munalemba kuti ndi ndege yamakono yoponya mabomba. Aaa Akonzi, ine ndinaseka ndekha ngati wazungulira mutu. Ndege imene ija dzina lake ndi CH-47 Chinook ndipo inauluka koyamba pa 21 Seputembala 1961, muwerengere nokha kuti zaka zakwana zingati. Ndi gogo ameneyo. Ena mwa anyamata amene akuiyendetsa lero, bambo awo anali asanabadwe n'komwe pomwe iyo inkayamba kudzuka pansi.

Za mabombazo nazonso ayi. Zoona imakhala ndi mfuti m'mazenera ndi pakhomo lakumbuyo zodzitetezera, ndipo ndisaname, ku Vietnam anagubuduzapo migolo ya utsi wokhetsa misozi ndi napalm kudzera pakhomo lomwelo, koma ntchito imene anaipangira ndi ya umtengatenga basi. Kunyamula asilikali, mizinga, mafuta, ovulala, magalimoto, ngakhale ndege zinzake zikagwa. Chimene chimandiwawa ine n'choti nkhani za nkhondo tikamalemba timangotamanda zowombera, wosenza katundu palibe omutchula, chonsecho nkhondo zambiri zimathera pa funso loti kodi ndani wakwanitsa kufikitsa anthu ndi zipolopolo pamalo nthawi yake.

Mwina ndiyambe ndi chifukwa chake ili ndi mapulopela awiri, poti anthu ambiri amayesa ndi zokongoletsa kapena eti ina ndi ya sipeya. Helikopita wamba ya pulopela imodzi pamwamba ili ndi vuto lobadwa nalo. Injini ikamapukusa pulopela mbali iyi, thupi la ndege limafuna kuzungulira mbali inayo, ngati mmene chobowolera chamagetsi chimakupotolerani mkono chikakakamira m'khoma. Nde amaika kapulopela kakang'ono kumchira kuti kazikankha cham'mbali, ndegeyo isamazungulire ngati nguli. Kapulopela kameneka kamadya mphamvu ya injini koma sikanyamula olo kilo imodzi. Mnyamata wina wa ku Philadelphia, Frank Piasecki, mwana wa telala wochokera ku Poland, anaona kuti bwanji osangoika mapulopela akuluakulu awiri ozungulira mosemphana, ina ikamapotola thupi uku inayo izibweza, mphamvu yonse ipite kokweza katundu. Ubwino wina ndi uwu: munthu mmodzi akasenza chipika pamutu ayenera kupeza pakatikati penipeni, akaphonya pang'ono chapendama, koma anthu awiri akachinyamula pamapewa wina kutsogolo wina kumbuyo, olo mupachikepo thumba chakumapeto amayendabe bwinobwino. Ndi mmenenso ilili ndegeyi, mutha kulongedza katundu mopanda kuyeza kwambiri kuti kulemera kwagwera pati. Komanso poti kumchira kulibe kapulopela koti n'kudula munthu, kumbuyo konse anakusandutsa chitseko chotsika pansi, jipi imangolowa ndi matayala ake.

Piasecki sanali woyamba kuganiza zimenezi, ku Belgium Nicolas Florine anali atapanga kale ya mapulopela awiri imene inauluka mu 1933, koma amene anazisandutsa chinthu chogwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi iyeyu. Yake yoyamba yamtunduwu inauluka mu 1945 ali ndi zaka 20 zokha ndi zingapo, asilikali apamadzi a America n'kuitenga ngati HRP-1. Thupi lake linali lokhota, kumbuyo kutakwera m'mwamba kuti mapiko a mapulopela awiriwo asamenyane, nde anthu atangoiona anaipatsa dzina loti nthochi youluka, dzinalo n'kukanirira mpaka kwa mng'ono wake H-21 amene anauluka mu 1952. H-21 imeneyi a France anaigwiritsa ntchito pa nkhondo ya ku Algeria, a America n'kupita nayo ku Vietnam mu Disembala 1961, koma injini yake inali ya mapisitoni ndipo kukatentha inkachita befu, kunyamula anthu ochepa kuposa mmene anailembera.

Chomvetsa chisoni n'choti mwini nzeruyo sanadyerere. Anakangana ndi anthu amene anaika ndalama mu kampani yake, mu 1955 n'kuchokamo, chaka chotsatira kampaniyo inasintha dzina kukhala Vertol, kenako mu 1960 Boeing inaigula. Ndiye Chinook imene dziko lonse limaidziwa ngati ya Boeing inabadwa tate wake atatuluka kale pakhomo. Fakitale yake mpaka pano ili kufupi ndi Philadelphia komweko.

Vertol inayamba yapanga ina yocheperapo, Model 107, imene inauluka mu 1958 ndi injini zatsopano za tebaini. Asilikali apamtunda a America ataiyesa anati yachepa, tikufuna yoti izinyamula mzinga ndi anthu ake omwe. A Marines, asilikali a America omenya nkhondo pamtunda kuchokera m'sitima, ndi amene anaikonda, kwa iwo inakhala CH-46 Sea Knight ndipo anakhala nayo mpaka 2015. Yaikuluyo, Model 114, ndi imene mu 1962 anaitcha CH-47A Chinook. Dzinali ndi la mtundu wa anthu eni nthaka a ku America okhala m'mbali mwa mtsinje wa Columbia, nanga si asilikali apamtunda kumeneko ali ndi chizolowezi chotcha mahelikopita awo mayina amenewa, Apache, Kiowa, Iroquois, Black Hawk. Penapake zimandidabwitsa kuti gulu lomwelo limene linathamangitsa anthuwa m'malo awo ndi limene likudzikongoletsa ndi mayina awo, koma imeneyo ndi kalata ina.

Ku Vietnam inafika mu 1965 ndi gulu la 1st Cavalry Division, ndipo kumeneko ndi kumene inadzipangira mbiri. Dziko la mapiri ndi nkhalango, misewu yochepa komanso yotcheredwa mabomba, nde Chinook inkakoleka mzinga wa 105 mm pa mbedza ya kumimba kwake n'kukautula pansonga pa phiri pomwe lole singafike olo mutaikankha chaka chathunthu, kenako n'kumabwerera ndi zipolopolo, madzi, chakudya. Ndege zambirimbiri zogwetsedwa inkakazitola n'kubwera nazo kuti zikonzedwe. Anayesapo kupanga zinayi zodzaza mfuti zokhazokha, ACH-47A, zitatu zinawonongeka imodzi yokha n'kutsala, nkhani ya Chinook yowombera n'kuthera pompo. Mwaonatu Akonzi, ngakhale eni akewo anayesa n'kuona kuti ayi, uyu asiyeni azisenza. Pa nkhondo yonseyo zinatayika pafupifupi 200.

Pali kankhani kena ka pa 29 Epulo 1975, kutatsala tsiku limodzi kuti Saigon, likulu la South Vietnam, igwe, kamene ndikakakumbukira tsitsi limachita nyaunyau. Payiloti wa South Vietnam, Ba Van Nguyen, anatenga Chinook, kukweza mkazi wake, ana ndi anthu ena n'kulunjika kunyanja mafuta akutha. Anapeza sitima ya America yotchedwa USS Kirk koma inali yaing'ono, ndege yaikulu choncho singatere. Bamboyo anaimitsa chindegecho m'malere pamwamba pa sitima, anthu n'kumadumpha mmodzimmodzi, kakhanda anachita kukaponya amalinyero n'kukawakha pansi. Onse atatsika anaisunthira pambali pamwamba pa madzi, kuvula yunifolomu uku akuigwirabe kuti isagwe, kuipendeketsa mbali ina iye n'kudumphira mbali inayo, mapiko n'kuswekera m'madzi. Anatuluka wamoyo.

Koma umboni weniweni wa zimene ndikunenazi uli pa nkhondo ya ku zilumba za Falklands, kufupi ndi Argentina, mu 1982. A Britain anali atangoyamba kumene kugwiritsa ntchito ma Chinook mu 1980, nde popita kukalanda zilumbazo kwa Argentina anakweza anayi pa sitima ya katundu, Atlantic Conveyor. Pulani yonse inali yoti asilikali akatsika ku San Carlos, ndegezi ziziwadumphitsa mpaka kufupi ndi Stanley, likulu la zilumbazo. Pa 25 Meyi ndege za Argentina zinaomba sitimayo ndi mizinga ya Exocet, anthu 12 anafa, ma Chinook atatu n'kupsera momwemo limodzi ndi mahelikopita ena, masipeya, zida za amakaniko, mabuku okonzera, zonse. Imodzi yokha inapulumuka chifukwa nthawi imeneyo inali m'mwamba, ZA718, imene aliyense amaidziwa kuti Bravo November. Zotsatira zake? Asilikali a Royal Marines ndi a Parachute Regiment anayenda wapansi makilomita pafupifupi 90 m'matope ndi m'chisanu, zikwama zolemera kumsana. Palibe ndege yowombera imene ikanawachotsera ulendo umenewo, chimene chinasowa ndi mtengatenga.

Nde tamvani zimene yotsalayo inachita yokhayokha, opanda sipeya olo imodzi. Usiku wa pa 30 Meyi inakatula mizinga ku Mount Kent, pobwerera inakumana ndi chipale chofewa, woyendetsa Dick Langworthy osaona kalikonse, ndegeyo n'kumenya madzi ili pa liwiro. Inanjanja ngati mwala woponyedwa pamwamba pa dziwe n'kudzukanso, chitseko cha mbali ya payiloti wachiwiri chitapita, n'kukafika. Posakhalitsa inali pa ntchito. Patapita masiku ochepa inanyamula asilikali 81 ulendo umodzi, ataimirira mothinana ndi mfuti zawo, pomwe malamulo ake sankalola olo pafupi ndi nambala imeneyo. Mmene nkhondo inkatha pa 14 Juni inali itanyamula asilikali pafupifupi 1,500 ndi katundu wokwana matani 550. Ndege yomweyi inadzapitanso ku Iraq ndi ku Afghanistan, apayiloti anayi analandira mendulo ya Distinguished Flying Cross akuyendetsa iyo yomweyo, pano inapuma ili ku nyumba yosungira zakale ya RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, ku Cosford kuyambira 2022.

Musayese ndikuitamanda ngati yopanda banga. Mapulopela awiri aja amalowana m'malere, iliyonse ili ndi mapiko atatu ndipo kutambalala kwake ndi mamita 18 ndi pang'ono, nde mapiko a kutsogolo amadutsa m'mipata ya a kumbuyo ngati zala za manja awiri zikapingana. Chimene chimawaletsa kugundana ndi shafti yaitali imene imayenda pamsana pa ndege kulumikiza magiyabokosi. Injini imodzi ikazima si vuto lalikulu chifukwa yotsalayo imapukusa mapulopela onse awiri, koma magiya akangophonyana, basi kwatha. Pa 11 Seputembala 1982 ku Mannheim, Germany, Chinook ya America inanyamula anthu odumpha ndi maparachuti pa chionetsero cha ndege, mapiko anamenyana, inagwera pa msewu waukulu, anthu 46 onse anafa. Atafufuza anapeza kuti tinjira todutsa oyilo mu giyabokosi tinatsekeka ndi tizidutswa ta makoko a mtedza wa walnut amene ankagwiritsa ntchito potsuka zitsulozo. Tangoganizani, chindege cha matani ambirimbiri kugwetsedwa ndi makoko. Mu Novembala 1986 ina ya anthu wamba yonyamula ogwira ntchito pa migodi ya mafuta ya m'nyanja inagwa kufupi ndi Sumburgh ku Shetland giya itathyoka, anafa 45 n'kupulumuka awiri okha.

Imene imandikwiyitsa kwambiri ndi ya pa 2 Juni 1994 ku Mull of Kintyre, Scotland. Chinook ya RAF yochokera ku Northern Ireland inagunda phiri mu nkhungu, anthu 29 onse anafa, ambiri mwa iwo akuluakulu a zaukazitape ndi apolisi. Mabwana a RAF analoza chala apayiloti awiri, Jonathan Tapper ndi Richard Cook, kuti anachita zosasamala, anthu oti anafa sangadziyankhire, chonsecho akatswiri oyesa ndege anali atadandaula kale za pulogalamu ya kompyuta yoyendetsa injini za mtundu watsopano wa Chinook, womwe unali mtundu wa ndege yogwayo. Mabanja awo analimbana nazo zaka 17, mu 2011 boma n'kuvomera kuti mlanduwo unali wosayenera, nduna ya zachitetezo Liam Fox n'kupepesa.

Kuno ku Africa yapondako kangapo. Egypt, Morocco ndi Libya anagulapo zawo. Mu 1987 asilikali a Libya pothawa ku Ouadi Doum kumpoto kwa Chad anasiya helikopita yankhondo ya Soviet Union, Mi-25, yabwinobwino, a America n'kuilakalaka kuti akaione m'kati. Mu Juni 1988 anatumiza ma Chinook awiri usiku, ulendo wa makilomita pafupifupi 800 kudutsa chipululu, kukaikoleka pa chingwe n'kubwera nayo ikulendewera, mphepo yamchenga ili pambuyo. Helikopita kuba helikopita inzake, eti. Ku Sierra Leone pa 10 Seputembala 2000 ndi ma Chinook a RAF amene anatula asilikali okapulumutsa anzawo ogwidwa ndi gulu la zigawenga la West Side Boys, ndipo kuyambira 2018 ena atatu anali ku Gao, Mali, kuthandiza a France.

Ku Afghanistan ndi kumene gogoyu anachititsa manyazi adzukulu. M'mapiri ataliatali mpweya ndi wopepuka, kukatenthanso ndiye kwambiri, helikopita zina monga Black Hawk zinkayenera kuchepetsa anthu kuti zidzuke, koma Chinook inkakwerabe ndi gulu lonse. Pali katsikidwe kena kamene mukaona pa chithunzi mungati ndi zopanga pa kompyuta: payiloti amabwerera chafutambuyo n'kukhazika matayala akumbuyo okha pa thanthwe kapena padenga la kanyumba, kutsogolo konse kuli lende m'malere pamwamba pa phompho, chitseko chatsika anthu akulowa. Iye saona n'komwe kumbuyoko, amangomvera mawu a mnzake amene wagona pakhomo akumuuza kuti tsika pang'ono, bwerera pang'ono, ima. Liwiro nalonso musaiderere poona thupi ngati basi, imafika makilomita 315 pa ola, moti nthawi zina zoiperekeza zimavutika kuipeza. Koma kunyamula anthu ambiri kuli ndi mtengo wake, ikagwa imodzi maliro amakhala ochuluka. Pa 28 Juni 2005 ina inaombedwa n'kufa anthu 16, ndipo pa 6 Ogasiti 2011 ku chigwa cha Tangi m'chigawo cha Wardak ina yotchedwa Extortion 17 inagwetsedwa ndi roketi yonyamula paphewa, anafa 38, mwa iwo 30 a ku America. Limeneli ndiye linali tsiku loipitsitsa kwa America pa nkhondo yonseyo.

Ndipo si za nkhondo zokha. Chivomezi chitagwedeza Pakistan mu Okutobala 2005 misewu ya m'mapiri itakwiririka, ndi ma Chinook amene ankafikitsa matenti ndi mankhwala n'kubwera ndi ovulala. Ku Japan, komwe kampani ya Kawasaki imapanga zawozawo, pa 17 Malichi 2011 anazitumiza kukathira madzi a m'nyanja pa fakitale ya nyukiliya ya Fukushima, ngakhale kunena zoona madzi ambiri anangouluzika ndi mphepo. Ku England mu Ogasiti 2019 khoma la damu la Toddbrook litayamba kugumuka pamwamba pa tawuni ya Whaley Bridge, Chinook ya RAF inakhala ikutula matumba amiyala pamalo ogumukawo limodzi limodzi ngati munthu akuwaka njerwa, mpaka madzi anapopedwa.

Mwina amene analemba mawu a pansi pa chithunzi aja anganene kuti komabe za masiku ano n'zatsopano. Pang'ono akunena zoona. Pambuyo pa CH-47A ija panabwera mitundu ya B, C, kenako D imene inayamba ntchito mu 1982 ili ndi mbedza zitatu kumimba, ndiye F ya m'zaka za m'ma 2000 yokhala ndi masikirini m'malo mwa mawotchi aja. Injini ndi za banja lomwe lija la T55 koma mphamvu zake anazikweza kwambiri, moti pano pa mbedza yapakati imakoka matani pafupifupi 12. Ma D ambiri sanali atsopano n'komwe, anali ma A, B ndi C akale omwewo atawaphwasula n'kuwamanganso. Koma mukaimika ya 1962 pambali pa ya lero, mwana aliyense anena kuti ndi ndege imodzi. Zapangidwa zoposa 1,200, maiko ambiri akuzigwiritsa ntchito, India inalandira zake zoyamba mu 2019, Germany mu 2022 inasankha kugula 60 kuti zilowe m'malo mwa CH-53 zawo zakale. A Soviet Union anayesapo yawo Yak-24, a Britain Bristol Belvedere, zonsezo zinazimirira kalekale. Ngakhale Boeing yomwe inayamba kupanga chimkulu chake XCH-62 m'zaka za m'ma 1970, pulojekiti inathetsedwa chisanauluke n'komwe.

Pempho langa ndi laling'ono Akonzi, mukonze mawu aja mu nyuzi ikubwerayi, ndipo amene amasankha zithunzi muwauzeko kachinsinsi aka poti ndaonapo manyuzi ena akusokoneza Chinook ndi Sea Knight, makamaka pa zithunzi za kuthawitsa anthu ku Saigon 1975 ndi ku Kabul 2021 zimene anthu amakonda kuziika pamodzi. Awerenge miyendo. Sea Knight ili ndi itatu, umodzi kutsogolo iwiri kumbuyo. Chinook ili ndi inayi, ndipo injini zake zili panja, imodzi mbali iyi ina mbali iyo pansi pa pulopela yakumbuyo ngati migolo iwiri. Ya pa chithunzi chanu ija ndinawerenga, inali inayi.

Ine wowerenga wanu wa sabata ndi sabata.